Mvula Inagwa kwa Ena, Matope Anatsala ku Kabwe

Mzinda wa Kabwe, umene kale unkachedwa Broken Hill, unakula cifukwa ca mtobvu. Miyala ya mtobvu ndi zinki inapezedwa kumeneko m'caka ca 1902, ndipo mgodi unagwira nchito zaka pafupi-fupi 90 kufikira pamene unatsekedwa m'caka ca 1994. Ng'anjo zinazima, eni ace anacoka, koma zotsala za mgodiwo, zoposa matani 6 miliyoni, zinasiyidwa poyera. Mulu waukuru wa zotsalazo anthu amaucha Black Mountain. M'cilimwe mphepo imanyamula pfumbi lace ndi kulimwaza m'makomboni a Kasanda, Makululu ndi Chowa, kumene ana amasewera pansi.

Mtobvu supha msanga monga mamba. Umalowa pang'ono-pang'ono, popuma ndi pakudya, nukhazikika m'mwazi ndi m'mafupa. Mwana wokwawa ndiye amalandira wambiri, pakuti zala zace sizicoka m'kamwa, ndipo thupi lace limaumwa koposa la munthu wamkuru. Mwana wotere amacepa mwazi, amaiwala-iwala, nalephera maphunziro. Mtobvu ukacurukitsa amakomoka, ndipo ena amafa. Mai wapakati amaupatsira mwana asanabadwe. A World Health Organization amati palibe muyeso wa mtobvu m'mwazi umene uli wosaopsa. Bongo wa mwana ukaonongeka sukonzeka. Madzi akatayika saoleka.

Zimenezi sizinadziwike dzulo ai. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, Dr. A. R. L. Clark, dokotala wa pamgodipo, anapima mwazi wa ana a ku Kasanda napeza mtobvu wocuruka moopsa. Ana amene anapimidwa nthawi imeneyo tsopano ali ndi zidzukulu, ndipo zidzukuluzo zikumeza pfumbi lomwelo.

Alipo akuru ena amene amati walira mvula walira matope: dziko lofuna cuma ca m'migodi libvomere ndi pfumbi lomwe. Mwambiwo ngwoona, koma iwo aupotoza. Mvula ndi matope zimagwera munthu mmodzi. Ku Kabwe mvula inagwera ena, matope natsalira mwana wa ku Makululu amene sanalirepo kanthu. Kampani ya Anglo American inali ndi dzanja pa mgodiwo kuyambira 1925 kufikira 1974. Pambuyo pace unakhala m'manja mwa Boma, ndipo ZCCM ndiyo inautseka. M'caka ca 2020 mlandu unatulidwa m'bwalo la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amai ngati 140,000. Anglo American inakana mlanduwo, niloza cala ZCCM. Mu December 2023 bwalo linakana kuti anthuwo aimbe mlandu pamodzi monga gulu, ndipo iwo anacita apilo. Pamene akuru alozana zala, mphepo siilindira ciweruzo.

Boma la Zambia silinganene kuti likusowa lamulo. Lamulo losamalira malo okhalamo anthu linakhazikitsidwa m'caka ca 2011, ndipo bungwe la ZEMA linapatsidwa mphamvu yoletsa woononga aliyense. M'caka ca 2016 World Bank inabvomera ngongole yoposa madola 60 miliyoni yokonzera malo oonongeka ndi migodi. Ndi ndalamazo ana ambiri anapimidwa, ena analandira mankhwala ocotsa mtobvu m'mwazi, ndipo mabwalo ena a nyumba anakonzedwa. Nchito imeneyo njoyamikika, koma muluwo sunakwiriridwe. Kuciza mwana ndi kumbwezera pa pfumbi limene linamdwalitsa ndiko kutunga madzi ndi dengu.

Coipa coposa ndi ici: Boma lomwelo linapereka zilolezo kwa makampani kuti afukule zotsalazo ndi kusungunulanso miyala yace. Malole amatuta dothi lakupha nadutsa nalo pakati pa anthu, ndipo anyamata osowa nchito amakumba ndi manja. Kwinaku amai amalangizidwa kusambitsa ana m'manja ndi kuwaza madzi pabwalo, ngakhale m'makomboni mmene madzi ndi osowa. Motero katundu amene anayenera kusenzedwa ndi Boma ndi makampani wasenzetsedwa mai wosauka.

Zoyenera kucita nzodziwika. Muluwo ukwiriridwe ndi dongo ndi dothi labwino, ubzalidwe udzu, nuchingidwe ndi mpanda. Dothi la pamwamba licotsedwe pa nyumba, pa sukulu ndi pa zipatala, ndipo miseu ya m'makomboni ithiridwe phula. Kampani yoturutsa pfumbi ilandidwe cilolezo. Mwana aliyense wa ku Kabwe apimidwe kwaulere, makolo ace nauzidwe zopezekazo. Anyamata okumba pa mulu alembedwe nchito yokwirira mulu womwewo, kuti asasankhe pakati pa njala ndi mtobvu. Boma liyambe ndi ndalama zace, ndipo olakwa lidzawalipiritse pambuyo.

Anyamata ndi atsikana amene atsiriza sukulu ndiwo adziwa kulemba kalata. Alembere phungu wao wa ku Nyumba ya Malamulo ndi kumfunsa mwaulemu kuti mulu wa ku Kabwe udzakwiriridwa caka citi, ndipo asaleke kulemba kufikira atawachulira cakaco.