Malaiti Anabwera Usiku, Nzeru Sizinabwere Nawo

Chaka cha 2024 mvula inakana, madzi ku Kariba anachepa, ndipo ZESCO inayamba kutipatsa malaiti mongotilawitsa. Kuno ku Chipata masiku ena anali kubwera kwa maola ochepa chabe, nthawi zina pakati pa usiku. Pa boarding house pomwe ndinali kukhala, babu ikangoyaka tonse tinali kudzuka ngati kwagwa moto. Mafoni pa chaja, ketulo pa soketi, mabuku pa thebulo, mpaka tambala kulira. Tinali kudziona ngati anthu olimbikira kwambiri. Semesita imeneyo ndinalephera kosi imodzi.

Kwa miyezi ndithu ndinaimba mlandu malaiti. Lelo ndivomera kuti vuto linali langa. Dzuwa linali kutuluka tsiku lililonse kwaulele, koma ine masana ndinali mtulo, kapena pa TikTok kudikira kuti bando ithe. Ndinali kukhulupirira zomwe ambiri a ife timakhulupirira, kuti wophunzira weniweni ndi uja wochezera usiku wonse mayeso akayandikira, mapazi m'beseni ya madzi ozizira.

Ine ndikuti kuchezera kumeneku n'kudzinamiza, ndipo pali umboni. Mu 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa kuti munthu amaiwala mwamsanga kwambiri m'maola oyamba atangophunzira chinthu, ndipo kubwereza pa masiku osiyanasiyana n'kumene kumachikhazika m'mutu. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke ku America anapatsa ophunzira nkhani yoti awerenge. Ena anaiwerenga mobwerezabwereza, ena anatseka pepala n'kulemba zomwe akukumbukira. Patapita mphindi 5, obwereza aja ndiwo anapambana. Patapita sabata imodzi zinatembenuka: odziyesa okha anakumbukira zambiri. Apa m'pamene pali msampha. Kuwerenga manotsi kachitatu usiku umodzi kumakoma chifukwa zonse zimaoneka zodziwika, koma kuzindikira tsamba ndi kuyankha funso m'chipinda cha mayeso ndi nchito ziwiri zosiyana. Onjezani kuti ubongo umasunga bwino zomwe waphunzira munthu akagona, ndiye muone zomwe timataya pochezera.

Ambiri a ife tinakulira pafupi ndi munda, kaya ku Katete, ku Chadiza kapena ku Lundazi. Kodi munaonapo amai anu akusiya munda wa nshawa miyezi itatu, n'kunena kuti adzapalira wonse usiku umodzi ndi tochi? Angasekedwe mudzi wonse. Koma ndalama za nshawa zomwezo zikalipira fizi, mwana wawo amachita zimenezo ndi maphunziro. Ndipo amene muli ku UNZA kapena ku CBU pa loni ya HELSB, kumbukirani kuti imeneyo ndi nkhongole. Idzakudikirani pa malipiro anu, kaya munaphunzira kaya munagona.

Ndidziwa zomwe ena adzayankha, ndipo sindiwatsutsa. Pali mlongo wathu amene amakhala kwa achibale ku Kapata: m'mawa asese, aphike, asambike ana, ndiye athamangire kalasi ku Chipata College of Education. Pali mnyamata amene masana onse ali mu buthi ya mobile money kuti apeze ya renti. Kwa iwowa usiku ndiyo nthawi yokhayo ya phee, ndipo malangizo a pa YouTube oti uzidzuka 04:00 n'kukathamanga ndi chipongwe chabe. Sindikulimbana ndi usiku ayi. Ndikulimbana ndi kuunjika. Ola limodzi usiku uliwonse, kenako n'kugona, si chimodzimodzi ndi maola khumi usiku umodzi mayeso ali mawa.

Pomwe ndinabwereza kosi ija sindinapange timetable yokongola ya makala ambiri; yotero ndinapangapo kangapo ndipo inathera kukongoletsa chipupa. Ndinasintha zochepa. Kalasi ikatha, tsiku lomwelo ndinali kutseka buku n'kulemba pa pepala zonse zomwe ndikukumbukira, kenako n'kutsegula kuti ndione zomwe ndaphonya. Zimawawa, chifukwa pepala limakuuza zoona. Pa Chiwelu tinali kukumana atatu ndi mapepala a mayeso akale, aliyense kuyankha yekha poyamba tisanakambirane. Atatu basi. Gulu likafika anthu asanu ndi atatu nkhani imasanduka ya Arsenal ndi zibwenzi. Foni ndinali kuisiya kwa mnzanga mpaka titamaliza, chifukwa ine ndi foni sitikhulupirirana.

Chovuta kwambiri chinali manyazi. Sabata ya mayeso anzanga anali kuyatsa mbaula ndi kupanga khofi, ine n'kumayala bedi 22:00. Wina anandifunsa ngati ndataya mtima. Ndinagona ndithu, ngakhale mtima unali kugunda. M'mawa ndinakwera njinga ya hayala kupita ku mayeso, ndipo funso loyamba linali lomwe ndinalephera kuyankha pa pepala langa masabata atatu m'mbuyomo, n'kulikonza tsiku lomwelo.