Mwana Akafunsa za Baibulo, Tisamukalipire

Ku Chinkhoma wogula fodya sakhutira ndi mawu a mlimi. Amatsegula belo n'kuona tsamba. Nanga ife timakalipiranji wophunzira akafunsa ngati mbiri ya m'Baibulo ndi yoona?

Umboni ulipo. Mu 1947 ku Qumran kunapezeka mpukutu wa Yesaya, wakale ndi zaka pafupifupi 1,000 kuposa ya Chiheberi imene inkadziwika, koma uthenga wake ndi womwewo. Mu 1961 ku Kaisareya anafukula mwala wolembedwa dzina la Pilato.

Zovutanso tizizinena. Marko 16:9-20 mulibe m'zolembedwa zina zakale kwambiri, ndipo mwala sungachitire umboni kuuka kwa Yesu. Apo mpofunika chikhulupiriro.

Aphunzitsi anzanga a mawa, mwana amene tamubisira izi adzazimva kwa wonyoza pa Facebook, ndipo adzaleka kutikhulupirira ngakhale tikamanena zoona.