Motoka Yosamwa Mafuta? Yambani Mwafunsa za Batire!

Acinyamata anzanga a kwa Magodi, pamodzi ndi inu nonse a ku Lundazi, mvetserani. Masiku ano pa mafoni athu pakubwera zithunzi za motoka zakale zocokera ku Japan, zonyezimira, za mtengo wotsika. Pansi pake alemba kuti siimwa mafuta, iyenda ndi magetsi. Mnyamata amene wagulitsa soya ndi mpendadzuwa wake ayamba kuwerengera: ndikagula iyi ndidzanyamula anthu kupita ku boma, ndipo ndalama ya petulo idzatsala m'thumba mwanga. Ine ndikuti, taimani! Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sindikukana ubwino wake. Motoka ya magetsi ilibe oilo ya injini yoti muzisintha, ilibe mapulagi, ilibe kilachi, ndipo siitulutsa utsi. Mu 2024 boma lathu linacotsa msonkho wa kasitomu pa motoka zotere. Zonsezi n'zoona. Koma ogulitsa amalekera pomwepo. Za batire sachula, pamene moyo wonse wa motokayo uli m'batiremo.

Titenge Nissan Leaf, imene inayamba kugulitsidwa mu December 2010. Batire ya motoka zoyambirirazo ndi ya 24 kWh, imalemera pafupifupi makilogalamu 300, ndipo imakhala pansi pa mipando. Ili yatsopano, boma la America linayeza kuti imayenda makilomita 117 ikadzazidwa. Kucokera ku Lundazi kukafika ku Chipata pali makilomita pafupifupi 180. Ndiye kuti ngakhale ili yatsopano siikanafika. Nanga lero, itatha zaka zoposa khumi?

Mukudziwa mmene batire ya foni imacitira ikakalamba: mwaichaja m'mawa, masana yatha. N'cimodzimodzi ndi ya motoka. Cimene cimaikalambitsa msanga ndi kutentha, ndipo batire ya Leaf ilibe madzi oiziziritsa. Mu 2012 eni motoka zimenezi ku Arizona, dera lotentha la ku America, anadandaula kuti mabatire ao akufooka zaka ziwiri zisanathe. Kodi dzuwa lathu la October lidzaicitira cifundo? Kutsogolo kwa dalaivala kuli timizere 12 toonetsa thanzi la batire. Tikatsala 8, dziwani kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake linapita kale, ndipo silidzabwerera. Ulendo wanu watsala wa makilomita 80 kapena kucepera.

Mwina mukuti, si nkhani, ndidzagula batire ina. Ndi ndalama ziti? Mu 2014 batire yatsopano ya Leaf inali pa madola 5,499 ku America, utapereka yakaleyo. Mu 2018 ku Japan batire yongokonzedwanso inali pa mayeni 300,000. Pamenepo simunawerengere ndalama yonyamulira katundu wolemera cotere pa nyanja mpaka ku Dar es Salaam, kudutsa pa Nakonde, kudzafika kuno. Batire yokha ingathe kuposa mtengo umene munagulira motoka yonse. Kodi kumeneko ndiko kusunga ndalama?

Funso lina: adzaikonza ndani? Makanika wathu wa pansi pa mtengo wa mango amamva nthenda ya injini ndi khutu. Koma motoka iyi imafuna kompyuta kuti inene pamene pavuta. Nthambo zake za mtundu wa lalanje zimanyamula mavoti oposa 300, okwanira kupha munthu wosaphunzira nchitoyo. Cipangizo colowetsa magetsi m'batire cikapsa, simudzacipeza pa msika wa ku Lundazi. Ngakhale kabatire kakang'ono ka mavoti 12 kakafooka, motoka yonse imakana kudzuka. Ndipo musaiwale kuti batire yaikuluyo ili pansi, pomwe miyala ndi migula ya misewu yathu ya dzinja imamenya.

Nanga magetsiwo mudzawatenga kuti? Pa soketi ya m'nyumba motoka iyi imafuna usiku wonse kuti idzaze. M'midzi yathu yambiri nthambo za ZESCO sizinafike. Kumene zinafika, tikukumbukira 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti ankazima maola 17 kapena kuposa pa tsiku. Sola ya mawati 100 imene muli nayo pa denga ingafune mwezi ndi theka kuti idzaze batire imodzi.

Conco ngati mtima wakakamirabe, musatumize ngwee ngakhale imodzi musanafunse mafunso anai. Motokayi inapangidwa caka citi? Timizere ta batire tatsala tingati? Auzeni akuonetseni cithunzi ca tsiku lomwelo. Ndani kufupi ndi kwanu anaphunzira kuikonza? Mudzaichaja kuti? Wogulitsa akayamba kuzemba, tsekani foni. Safunsa anadya phula.

Motoka za magetsi zidzafika ndithu kwathu kuno, ndipo acinyamata amene ayamba lero kuphunzira za magetsi ndi mabatire ndiwo adzadyerepo. Koma thukuta la caka conse la m'munda si loguliramo batire imene mwini wake ku Japan anatopa nayo. Mukapupuluma, motokayo idzaima kuseri kwa nkhokwe, nkhuku n'kumaikira mazira pa mpando wa dalaivala.