Nyumba ya lendi ikapsa, katundu alipire ndani?

M'matauni a m'malire monga Ulónguè ndi Zóbuè mabanja ambiri amakhala m'nyumba za lendi. Moto ukabuka, wa lendi amataya zovala, chimanga ndi zikalata, ndipo mkangano ndi mwini nyumba umayamba phulusa lisanazizire.

Malamulo a Código Civil a 1966, amene Mozambique ikuwatsatabe, amayang'ana gwero la moto. Ndime 483 ikuti woononga chinthu cha mnzake, mwadala kapena mosasamala, ayenera kulipira. Choncho ngati mawaya a magetsi anali otha, ndipo mwini nyumba anauzidwa koma sanakonze, wa lendi angathe kufuna chipukutamisozi. Koma ngati moto wachokera pa mbaula, kandulo kapena petulo wosungidwa m'nyumba, mlandu umatembenuka. Ndime 1044 ikuti wa lendi ndiye ayankhe pa kuonongeka kwa nyumbayo, pokhapokha ataonetsa kuti vuto silinachokere kwa iye kapena kwa anthu ake.

N'chifukwa chake umboni ndiwo umagamula. Wopsereredwa akanene msanga kupolisi ndi kwa mfumu kapena mlembi wa bairro, alembe katundu yense wotayika, ndipo apeze mboni zimene zinamumva akudandaula za mawayawo.

Nkhani zing'onozing'ono zimayanjanitsidwa ku tribunal comunitário, mabwalo okhazikitsidwa ndi lamulo la 1992. Zikakanika, zimapita ku bwalo la milandu la distrito, ndipo bungwe la IPAJ limathandiza osauka kwaulere. Kuchedwa n'koopsa: ndime 498 imapereka zaka 3 zokha zofunira malipiro otere.