Olemba DNA nawo akufuna sikelo imodzi

Amene munagulitsapo soya kapena chimanga mukuudziwa mkangano wa sikelo. Inu mukuti thumba ndi la makilogalamu 50, wogula akuti 45. Pakasowa muyezo womwe nonse mukuukhulupirira, malonda amasanduka ndewu. Sabata ino ndikufuna tikambe za muyezo wa asayansi amene amalemba DNA, ntchito yomwe pachingerezi amaitcha synthetic biology.

DNA ndi malangizo omwe ali mkati mwa chamoyo chilichonse, olembedwa ndi zilembo zinayi zokha: A, C, G ndi T. Masiku ano wasayansi amalemba malangizowa pakompyuta n'kutumiza ku kampani kuti imupangire DNA yeniyeni. Ikabwera amaiika mu yisiti kapena bakiteriya kuti tizamoyoti tizipanga chomwe iye akufuna. Si zam'mafilimu ayi. Gulu la Jay Keasling ku Berkeley, m'dziko la America, linasintha yisiti kuti izitulutsa zinthu zopangira artemisinin, ndipo mu 2013 kampani ya Sanofi inayamba kupanga mankhwalawa mwa njirayi. Artemisinin ndiye kholo la artemether, amene ali mu LA uja timamwa malungo akatipeza.

Koma taganizani: wasayansi wa ku Nairobi wapanga kachidutswa ka DNA, wa ku Boston akufuna kukagwiritsa ntchito. Zikwanana bwanji? Mu 2003, Tom Knight wa pasukulu ya MIT anabwera ndi nzeru yotchedwa BioBricks, yoti tizidutswa tonse tizikhala ndi mathero ofanana, ngati njerwa zoumbidwa m'chikombole chimodzi. Pasukulu yomweyo panabadwira iGEM, mpikisano womwe ophunzira a m'mayiko ambiri amamanga zinthu ndi tizidutswati, kenako n'kusiya tawo m'nkhokwe kuti ena adzatengepo. Palinso SBOL, kalembedwe kamodzi ka mapulani a DNA, koti kompyuta ya uyu ndi ya uyo zizimvana.

Pomwe nkhaniyi imandisowetsa tulo ndi pa chitetezo. Mu 2018 asayansi a ku Canada anafalitsa kuti amanga kachilombo ka horsepox, wachibale wa nthomba, pogwiritsa ntchito DNA yochita kuitanitsa. Kumbukirani kuti mu 1980 dziko lonse linalengeza kuti nthomba yatheratu. Iwo cholinga chawo chinali katemera, koma nanga wa mtima woipa atati achite zomwezo?

Kuyambira 2009, makampani ena opanga DNA ali m'bungwe la IGSC, lomwe mamembala ake amafufuza oda iliyonse komanso yemwe waitanitsa. Vuto lake, kulowa m'bungweli n'kufuna kwako. Wokanizidwa apa akhoza kukagogoda pena. N'chifukwa chake mu 2024 kunakhazikitsidwa bungwe la IBBIS, lomwe likulu lake lili ku Geneva, ndipo limapereka ulere pulogalamu yofufuzira maodawa kuti ngakhale kampani yaing'ono isakhale ndi pozembera. Kachilombo sikafunsa pasipoti, ndiye mpanda wa dziko limodzi sungatiteteze tonse.

Palinso funso la phindu. DNA ya mbewu zathu, kapena ya nsomba za m'nyanja ya Malawi, ikalembedwa pa intaneti, munthu angaigwiritse ntchito osapondako kuno. Chaka chomwecho cha 2024, mayiko omwe anakumana ku Cali, m'dziko la Colombia, anagwirizana zokhazikitsa thumba la Cali Fund, loti makampani opindula ndi DNA yotere aziponyamo ndalama. Koma nakonso palibe wogwidwa pakhosi kuti apereke.

Maganizo anga ndi awa: malamulowa akulembedwa panopa, ndipo amene sakhala nawo pokambirana adzangolandira zomwe anzake agwirizana. Kumeneko sikukufunika ovala makhoti oyera okha. Kukufunikanso odziwa malamulo, makompyuta ndi ulimi. Ngati muli pakoleji, tsegulani tsamba la iGEM pafoni yanuyo muone zomwe anzanu a msinkhu wanu akupanga, kenako mukafunse aphunzitsi anu kuti gulu lanu liyamba liti.