Ana a Njobvu Amene Sanaonepo Njobvu

Tsiku lina Loweruka tinali kuphunzitsa ana a Ukaristia woyamba nkhani ya m'buku la Genesis, pamene Mulungu anabweretsa nyama zonse kwa Adamu kuti azipatse maina. Tinaima pang'ono ndi kufunsa kuti: “Ndani mwa inu anaionapo njobvu yamoyo?” Mwa ana 34, awiri okha anakweza manja, ndipo mmodzi wa awiriwo anabvomera pambuyo pake kuti anaiona pa foni ya amalume ake. Tinayang'ana m'buku la maina. Munali a Njobvu, a Tembo, a Ngoma, a Ngulube, ana onyamula maina a nyama zimene sanazionepo cibadwire. Komatu kucokera ku Chipata kukafika ku Mfuwe, pa cipata ca South Luangwa National Park, ndi ulendo wa maola awiri kapena atatu pa mseu wa tara, pamene alendo amauluka usiku wathunthu kucokera ku London kudzaona zomwezo.

Kwa ambiri a ife, chuti ndi nthawi yopita kumaliro, yokathandiza kukolola kumudzi, kapena yokaona agogo odwala. Zimenezi n'zoyenera, ndipo sitingazinyoze. Cimene tikudandaula ndi ganizo limene linakhazikika m'mitima mwathu lakuti paki ndi malo a azungu. Mbiri sibvomereza. M'caka ca 1950 Mfumu Nsefu ya Akunda, itakambirana ndi Norman Carr, inapatula gawo la dziko lake kuti nyama zisungidwe, ndipo ndalama zimene alendo anali kulipira pa msasa woyambawo zinali kubwerera kwa eni dziko. South Luangwa inakhala paki ya dziko lonse m'caka ca 1972, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 9,050. Mzika ya Zambia imalipira pa cipata ndalama yocepa kwambiri poyerekeza ndi mlendo wakunja.

Tsono tinapangana ndi makolo kuti pa chuti ca Ogasiti 2023 tiwatenge anawo. Sizinali zapafupi. Bambo wina wa m'mphakati mwathu anaimirira pa msonkhano nati: “Aphunzitsi, ndilipire ndalama kuti mwana akaone nyama imene sadzadya?” Anthu anaseka, koma funso lake silinali lopusa, pakuti m'nyumba zambiri ndalama ya ulendo ndi yomweyo ya feteleza. Tinayamba kusonkha pang'onopang'ono kuyambira Januwale, amai anakazinga zitumbuwa ndi kugulitsa Misa itatha, ndipo pomaliza tinakwanitsa minibasi ziwiri. Tinanyamula ufa, kapenta, mbaula ndi mphasa, tinagona m'kalasi ya pa sukulu ina kunja kwa paki. Malo ogona a alendo olemera tinangowaona zikwangwani zake.

M'mamawa, dzuwa lisanatenthe, tinafika pa mlatho wa Luangwa. Madzi anali atacepa, mcenga uli mbee, ndipo pansi pathu mvuu zinali zitaunjikana ngati miyala, ng'ona zikuothera dzuwa m'mphepete. Ana anayamba kukuwa. Wotitsogolera, mnyamata wa Cikunda wodziwa nchito yake, anawauza mofatsa kuti m'chire munthu amaona ndi makutu, ndipo waphokoso amabwerera ataona mitengo yokha. Ndithudi kuona maso a nkhono n'kudekha. Atakhala cete, zinthu zinayamba kuoneka: nswala, mbidzi, njati zakuda bii pansi pa mvunguti, nkhwazi imene anawo anaizolowera pa mbendera ili pa nthambi youma. Tinaona nyamalikiti za mtundu wa Thornicroft, zimene sizipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi koma m'cigwa ca Luangwa cokha. Mkango sitinauone, ndipo anyamata ena sanatikhululukirebe.

Ca m'ma 9 koloko galimoto inaima mwadzidzidzi. Njobvu zisanu ndi ziwiri zinali kudutsa mseu, yaikazi yaikulu patsogolo, kamwana kakuthamangira pakati pa miyendo ya amake. Mnyamata wa pfuko la Njobvu, amene m'kalasi sakhala pansi mphindi ziwiri, anagwira dzanja lathu mwamphamvu, osanena kanthu kufikira yomaliza italowa m'thengo. Taphunzitsa za ukulu wa Mlengi kwa zaka zoposa makumi awiri, koma sitinaonepo mwana atakhala cete motero pa phunziro lathu.

Kamtsikana kena kanafunsa kuti cipembere ciri kuti. Wotitsogolera anayankha kuti mulibe. Cigwa cimeneci cinali ndi zipembere zakuda zikwizikwi, koma opha nyama mozembera anazitha m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 cifukwa ca nyanga zake, kotero kuti m'caka ca 1998 zinalengezedwa kuti zatheratu m'Zambia. M'caka ca 2003 zisanu zinabwera pa ndege kucokera ku South Africa kukaikidwa ku North Luangwa, kumene zikulonderedwa usana ndi usiku. Ife a zaka makumi asanu tinali anyamata pamene zinali kutha, ndipo palibe amene anatiuza kuti tikutaya kanthu.

Lamulungu tinapemphera ndi akhristu a pa kachalichi kena kunja kwa paki, pakuti wopita ku chuti sasiya Misa kunyumba. Titatuluka, mai wina wamasiye anatifunsa kumene tacokera. Titamuuza mokondwa za njobvu, anatiyang'ana nati: “Inu mwaziona usana. Ife timaziona usiku.” Anatisimbira kuti zinalowa m'munda mwake cimanga ciri pafupi kukhwima, ndipo m'bandakuca anapeza mapesi okha. Anthu kumeneko amagona m'misasa kumunda, kuimba zitini, kufukiza tsabola wosakaniza ndi ndowe zouma, ndipo ena anataya abale ao. Tinacita manyazi ndi cimwemwe cathu. Papa Fransisko, m'kalata yake ya Laudato Si' ya 2015, anaphunzitsa kuti kusamala cilengedwe ndi kusamala osauka ndi nkhani imodzi. Tinaiwerengapo kalatayo pa maphunziro a akatekisi, koma tinaimvetsa pakhomo pa kachalichi kaja. Cifukwa cake tikuti wopita ku Mfuwe asangolowa ndi kutuluka. Agule tomato ndi mphasa kwa eni malo, alipire wotsogolera wa komweko popanda kunyinyirika, ndipo amvere madandaulo ao, pakuti mtengo wosunga njobvu zimene ife timajambula akuulipira ndiwo.

Ena adzati iwo nyama sizikuwakoka, akufuna madzi. Zambia ilibe nyanja ya mcere, inde, koma ku Samfya kuli mcenga woyera wa Bangweulu, ku Siavonga kuli Kariba, ku Mpulungu kuli Tanganyika, ndipo ife a kum'mawa tikadutsa pa Mwami, Senga Bay pa nyanja ya Malawi siri kutali. Kumeneko afunseni asodzi musanalole mwana kulowa m'madzi, pakuti ng'ona ndi likodzo sizidziwa kuti munthu ali pa chuti.

Bambo uja wa funso anabwera nafe, atanena kuti akudzayang'anira ana. Pobwerera, titapitirira Jumbe, anatikodola nafunsa ngati caka ca mawa tingatengeko akulu a mpingo okha, popanda ana.