Za Iwo Ofuna Kuumitsa Gule Wamkulu

Chiyambire chaka cha 2005, pamene bungwe la UNESCO lidalengeza kuti Gule Wamkulu ndi chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi, pabuka anthu ena, ambiri a iwo okhala m'matauni ndi osadziwa njira ya ku dambwe, amene akulira usana ndi usiku kuti gule akuonongeka ndi zilombo zachilendo, napempha boma kuti liike lamulo lomusunga monga adaliri kale. Mlanduwu akuuzenga mokhota, ndipo boma likawamvera lidzapha chomwecho chimene likuti likusunga.

Pakuti kodi ndi liti pamene gule adakhala wosasintha? Simoni, wa nkhope yofiira yopsa ndi dzuwa uja, adabadwa pamene Achewa adaona Mzungu nafuna kumuseka mwini wake ali chipenyere. Maliya adatuluka m'masiku amene amishoni ankalimbana ndi Nyau. Ngakhale galimoto idalowa m'bwalo nivina. Wokayika apite ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976, akaone yekha zilombo mazanamazana, chilichonse ndi mwambo wake. Makolo adadziwa kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumoko adakalandira nameta nako mlendo yemweyo.

Odandaulawo ali nayo mfundo imodzi yoona, tisawamane: gule wa pa maliro ndi pa chinamwali akatengedwa kukavina pa khomo la hotela kapena pa msonkhano wa ndale, monga zidazolowereka m'nthawi ya Kamuzu, chimene chimafika kumeneko ndi fumbi ndi ng'oma, mwambo utatsala kumudzi. Koma taonani, omuitanira kumeneko ndi a ndalama ndi a maudindo omwewo amene tikuuzidwa kuti akhale alonda ake!

Gawo 26 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wotsata chikhalidwe chimene wasankha yekha. Ufuluwo ndi wa mnyamata wa ku Dedza wofuna kutulutsa chilombo chatsopano chodzudzula katangale. Ndi wa amayi oyimba ndi kuomba m'manja pabwalo, amene kawirikawiri safunsidwa kanthu. Ndipo, ngakhale ena sakondwa kumva zimenezi, ndi wa mwana wa sukulu amene safuna kugwidwa ndi kukokeredwa ku dambwe. Boma liteteze onsewa, lionetsetsenso kuti ndalama za alendo ojambula zikufika kwa eni mzinda. Koma zakuti chilombo chakuti chituluke kapena chisatuluke, azigamule mafumu ndi akulu a dambwe, iwo amene chaka ndi chaka amasonkhana ku Mkaika pamaso pa Kalonga Gawa Undi pa mwambo wa Kulamba.